Mlandu wa chilembo chimodzi

Komboni ilibe mfumu. Kuno ku Lusaka, ku Kanyama, ku Chawama, ku Matero, ku George, ku Kalingalinga ndi ku Mtendere anthu amadziwa tcheyamani, kansala, mwini nyumba ndi wapolisi, ndipo mlandu ukakula umapita kukhoti la boma. Koma ilipo milandu ina imene khoti la boma silingailandire, chifukwa wozengedwayo alibe chitupa, alibe nambala ya nyumba, ndipo saoneka ndi maso. Nchifukwa chake tabwereka mfumu kumudzi, taikhazika pampando pansi pa mtengo wa mango ku Kanyama, pamalo okhawo amene madzi a mvula sanafikepo, nduna zili uku ndi uku, anthu akhala pa zidina ndi pa makreti a Chibuku. Odandaula ndi a Fluconazole, mankhwala amene wina aliyense wodwala nthawi yaitali m'komboni anawamezapo. Wozengedwa ndi Yisiti. Mlandu wake ndi wa kukhwima: akuti Yisiti anapita kwa sing'anga, anatemera mphini, ndipo tsopano mankhwala sakumulowanso. Pali mpando wina pambali pa mboni umene unaikidwa m'mawa, ndipo mpaka dzuwa kufika pamutu palibe amene wakhalapo.

Bwalo linayamba ndi chisokonezo, chifukwa amayi okazinga vitumbuwa kumsika wa Soweto atamva kuti Yisiti wagwidwa anatseka malonda nabwera kudzamuchitira umboni, ndipo ophika mowa anawatsatira m'mbuyo. Nduna inachita kuwakhazika mtima pansi powafotokozera kuti Yisiti ndi dzina la mbumba, si la munthu mmodzi. Wamkulu m'mbumbamo ndi Saccharomyces, uja wofufumitsa buledi ndi kuwiritsa mowa, amene sanabwere ngati wozengedwa koma ngati mboni, pakuti akatswiri amukonda kwambiri kotero kuti pofika 1996 anali atawerenga malangizo onse a m'thupi mwake, majini pafupifupi 6,000. Wachiwiri ndi Candida, wa zoyera za m'kamwa ndi kuyabwa kumene amayi ambiri amakutcha mauka. Wachitatu, amene mlandu weniweni uli pamutu pake, ndi Cryptococcus. Ameneyu kwawo ndi m'zitosi za nkhunda ndi m'mitengo yowola, ndipo kum'mwera kwa Africa kuno amupeza kwambiri m'mphako za mtengo wa tsanya. Timamupuma ndi fumbi, ambirife tikadali ana, ndipo thupi lamphamvu limamutsekera pakona osamvekanso. Chitetezo chikagwa, makamaka mwa munthu amene HIV yamufooketsa kwambiri, amatuluka pakonapo n'kukwera kumutu, n'kutupitsa zokuta ubongo. Akatswiri owerengera anati mu 2020 anthu pafupifupi 152,000 padziko lonse anadwala nthendayi ndipo 112,000 anafa, kutanthauza kuti pa imfa zisanu zilizonse za Edzi, pafupifupi imodzi inali yake. Amayi a vitumbuwa atamva zimenezi anasiya kumuikira kumbuyo, koma sanachoke, chifukwa mlandu wa ufiti sausiyira panjira.

A Fluconazole anagwada, kuwomba m'manja, nayamba kufotokoza ntchito yawo, ndipo tiyenera kuimvetsa bwino chifukwa mlandu wonse wagona pamenepa. Khungu la Yisiti limalimba ndi mafuta otchedwa ergosterol, monga momwe khungu la maselo athu limalimbira ndi cholesterol. Mafutawo Yisiti amadzipangira yekha, ndipo ali ndi kachigayo m'kati mwake kamene kamatenga chinthu chotchedwa lanosterol n'kuyamba kuchisandutsa ergosterol. Pakatikati pa kachigayoko pali kachitsulo, ayironi weniweni, ndipo popanda kachitsuloko sikagaya. "Ine, Gogo Chalo, ndimalowa pakamwa pa chigayocho n'kukagwira kachitsuloko," anatero odandaulawo. "Ndikagwira, chimanga sichilowanso, ufa sutuluka, khungu lake limayamba kuchucha ngati denga la malata akale. Koma kuti ndikhazikike m'menemo pamafunika pogwira dzanja linali. M'khoma la chigayocho munali kambedza kamene kamasunga kadontho ka madzi, ndipo ine ndimagwira kadonthoko. Tsiku lina ndalowa, kambedza palibe. Ndimaterereka ngati munthu wokwera minibasi yopanda chogwirira. Chigayo chikungogaya, ine ndili chilili pakhomo. Ngati uku si kukhwima, ndiye n'chiyani?"

Mfumu inaitana mboni yochokera ku labotale, ndipo mboniyo itangonena kuti nkhani yonse ndi ya majini, theka la bwalo linaimirira. Abusa awiri anali atavula kale majekete kuti ayambe kutulutsa ziwanda. Zinatenga nthawi kuti anthu amve kuti majini awa si aja ogwira munthu usiku, koma malangizo olembedwa m'selo iliyonse ndi zilembo zinayi zokha, A, C, G ndi T, zowerengedwa zitatuzitatu. Jini yomanga kachigayo kaja imatchedwa ERG11. Pamalo ena m'jiniyo zilembo zitatu zimalamula kuti paikidwe njerwa yotchedwa tyrosine, ndipo njerwa imeneyi ndiyo ili ndi kambedza kaja. Chilembo chapakati chikasintha, A n'kukhala T, pamaikidwa njerwa ina yotchedwa phenylalanine, yofanana ndi inzakeyo pa chilichonse kupatula kambedzako. Mwa Cryptococcus kusinthaku amakulemba Y145F, mwa Candida Y132F, ndipo mwa Saccharomyces Y140F. Ndi malo amodzimodzi, kungoti nyumba zawo zimasiyana kutalika. Akatswiri a pa yunivesite ya Otago ku New Zealand anaumitsa kachigayo ka Saccharomyces ngati mchere n'kukaunika ndi X-ray, ndipo anaona ndithu kuti kambedzako kakachoka, unyolo wa madzi umene mankhwala amagwira umaduka. Wina m'gulumo anafunsa ngati chilembo chimodzi chingachite zonsezi. Nduna inamuyankha kuti achotse m pa mawu akuti kulima aikepo r, aone ngati m'mudzimo mudzakhale nsima.

Koma Cryptococcus ali ndi njira ina imene amaigwiritsa ntchito kawirikawiri kuposa iyi, ndipo ndi yochititsa manyazi chifukwa ndi yosavuta. Malangizo ake anamangidwa m'mitolo 14 yotchedwa makromozomu. Mumtolo woyamba muli jini ya chigayo ija, ndipo mulinso jini ina, AFR1, yomanga pampu yotulutsa mankhwala kunja kwa selo. Mu 2010 akatswiri a ku America, motsogozedwa ndi June Kwon-Chung, anasonyeza kuti fluconazole akamapanikiza, amene amapulumuka ndi maselo okhala ndi mtolo woyambawo uwiri m'malo mwa umodzi. Zigayo zimachuluka kuposa mankhwala ozitseka, ndipo mapampu nawo amachuluka. Munthu wa ku Kanyama safunika kumufotokozera kawiri: madzi akamalowa m'nyumba ndi chidebe chimodzi pamene ana awiri akukapa ndi zidebe ziwiri, mphasa siinyowa. Chodabwitsa n'chakuti kusenza mtolo wachiwiriwo n'kolemetsa, kotero mankhwala akachoka, Yisiti amautaya n'kubwerera mwakale. Ukamutenga kwa wodwala n'kumulera masiku angapo m'mbale ya labotale mopanda mankhwala, umapeza wofatsa ngati mwana wa kwaya, ndipo lipoti limanena kuti mankhwala akumugwira bwinobwino. A Fluconazole anati ichi ndiye chizindikiro chenicheni cha mfiti, kubisa nyanga alendo akabwera.

Apa ndi pamene ndisiyana ndi odandaula, ndipo bwalo nalonso linayamba kusiyana nawo. Kukhwima kumafuna cholinga. Munthu amaona mdani, amapita kwa sing'anga, amalipira, amatemera. Funso limene mfumu inafunsa linali lakuti: kodi chilembocho chinasintha a Fluconazole atafika, kapena asanafike? Yankho lake linapezeka kalekale, mu 1943, pamene Salvador Luria ndi Max Delbrück anasonyeza ndi mabakiteriya kuti kusintha kotere kumachitika mwangozi, mdani asanaoneke n'komwe. Selo iliyonse ikamagawika imakopera malangizo ake onse, zilembo mamiliyoni ambiri, ndipo wokopera aliyense amaphonya penapake. Zophonya zambiri sizisintha kanthu, zina zimapha mwini wake, ndipo mwa apo ndi apo chimodzi chimagwera pa kambedza kaja. M'madzi a mumsana mwa wodwala kwambiri mumatha kukhala maselo a Yisiti mazana a masauzande m'kadontho kosadzaza supuni, choncho wolumala wotere sasowa. Mankhwala akakhala kulibe, iyeyu ndi wosauka pakati pa abale ake, chifukwa chigayo chopindika ndi mtolo wowonjezera sizithandiza pampikisano wa chakudya. Mankhwala akafika n'kugwira abale ake onse, munda wonse umatsala wake. Yisiti sanasankhe kanthu. Anasankha ndi amene anapalira munda n'kusiya udzu umodzi wokhawo umene khasu silidula. Ndipo umboni wakuti palibe nzeru m'menemo ndi uwu: Cryptococcus wa Y145F, amene a Fluconazole amalephera, amagwidwa mosavuta kuposa kale ndi itraconazole ndi posaconazole, mankhwala a mchira wautali amene amagwira pamalo enanso m'chigayocho. Mfiti yanji imene imatemera mpeni n'kudzifewetsera nkhwangwa?

Tsono mafunso anatembenukira kwa odandaula. Nduna yaikulu inafunsa mwaulemu wonse: "Kodi inu achimwene, mukamugwira Yisitiyu mumamupha?" A Fluconazole anakanda m'mutu, navomera kuti kupha kwenikweni si ntchito yawo, iwo amamanga miyendo kuti asaswane, ndipo womaliza ndi chitetezo cha m'thupi. Nduna inafunsanso kuti nanga mwa munthu amene chitetezo chake chatha, womaliza ndani. Bwalo linati zii. Mlonda womanga mbala n'kuisiya pakhonde, podikira apolisi amene anachotsedwa ntchito kalekale, asadabwe m'mawa akapeza chingwe chokha. Ndipo izi si zongoyerekeza, zinalembedwa pa University Teaching Hospital (UTH) mu Lusaka momwemuno. Lipoti limene linatuluka mu 2001 linatsatira odwala 230 a nthenda imeneyi. Mwa iwo 100 sanalandire mankhwala a fangasi, ndipo theka la iwo linali litafa pofika tsiku la 10. Ena 130 analandira fluconazole yekha, ndipo theka linali litafa pofika tsiku la 19. Pomatha miyezi isanu ndi umodzi, m'magulu onse awiri munalibe wamoyo. Patapita zaka zoposa khumi, pa Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre anayesa kukweza mlingo kufika 800 mg, kenako 1,200 mg patsiku, koma oposa theka ankafabe m'milungu khumi yoyamba.

Ndiye anawatuma okha ndani? Funso limeneli litafunsidwa, maso onse anapita pa mpando wopanda munthu uja. Mbiri yake ndi yowawa chifukwa inayamba ndi chinthu chabwino. Fluconazole anapangidwa ndi kampani ya Pfizer, ndipo m'zaka za m'ma 1990 mtengo wake unali woti munthu wa m'komboni sangaulote. Mu October 2000, Zackie Achmat wa bungwe la Treatment Action Campaign ku South Africa anapita ku Thailand n'kubwerako ndi makapisozi otsika mtengo a mankhwala omwewo, kuphwanya lamulo dala kuti dziko lione kusiyana kwa mitengo. Chaka chomwecho Pfizer inayambitsa ndondomeko yopereka fluconazole mwaulere, imene inafalikira kumaiko ambiri osauka. Miyoyo inapulumuka, makamaka ya amene ankalephera kumeza chifukwa cha Candida wa pakhosi. Koma chinthu chaulere chili ndi khalidwe lake: chimadzaza shelefu n'kutseka pakamwa. Mnzake amene amayenera kuyenda naye, flucytosine, ndi mankhwala akale, anapangidwa mu 1957, koma kwa zaka zambiri sanalembetsedwe n'komwe m'maiko ambiri a mu Africa, chifukwa ogula ake anali anthu opanda ndalama. Wachitatu, amphotericin B, amafuna diripi, kuyeza magazi pafupipafupi ndi kuyang'anira impso. Choncho dokotala wa pawodi ankatsegula kabati, n'kupeza msilikali mmodzi, n'kumutuma. Chala chimodzi sichiswa nsabwe, koma tinachituma kwa zaka pafupifupi makumi awiri, kenako n'kukasumira nsabwe kwa amfumu.

A Flucytosine ataitanidwa anavomera poyera kuti nawonso paokha ndi achabechabe. Iwo amalowa mwa Yisiti ngati chakudya, ndipo Yisiti yemweyo ndi amene amawasandutsa poizoni wosokoneza kukopera malangizo. Jini imodzi yokha ya pakhomo kapena ya m'khitchini ikathyoka, poizoniyo saphikikanso, ndipo zimenezi zimachitika msanga. Mphamvu ili pa kuwerengera. Tingoyerekeza kuti selo imodzi pa miliyoni ili ndi ngozi yoipulumutsa kwa woyamba, ndipo imodzi pa miliyoni ili ndi ngozi ina yoipulumutsa kwa wachiwiri. Kuti ipulumuke onse awiri iyenera kukhala ndi ngozi ziwirizo nthawi imodzi, ndiye kuti imodzi pa miliyoni kuchulukitsa ndi miliyoni, ndipo m'mutu mwa munthu mulibe malo a maselo ochuluka chotero. Mu 2019 ofufuza anafalitsa zimene anaona mwa odwala a ku Dar es Salaam: mwa olandira fluconazole yekha, maselo osamva mankhwala aja, ambiri a mtolo uwiri, ankachuluka masiku akamapita, pamene mwa olandira fluconazole pamodzi ndi flucytosine sankachuluka. A Amphotericin, nkhalamba yochokera m'dothi la m'mbali mwa mtsinje wa Orinoco ku Venezuela m'zaka za m'ma 1950, anangonena mawu ochepa: iwo salimbana ndi chigayo, amaluma ufa weniweniwo, ergosterol, n'kuboola khungu, ndipo Yisiti wofuna kuwathawa ayenera kusiya mafuta amene amamusunga ndi moyo. Nchifukwa chake owazemba ndi ochepa mpaka lero.

Umboni waukulu unachokeranso pakhomo pomwe pano. Kafukufuku wa ACTA, amene anachitika ku Malawi, Zambia, Tanzania ndi Cameroon, UTH ili m'gulu, anatenga odwala 721 ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2018. Amene analandira amphotericin ndi flucytosine kwa mlungu umodzi, 24 pa 100 alionse anafa m'milungu khumi. Amene anamwa mapiritsi okhaokha, fluconazole ndi flucytosine, 35 pa 100. Ziwerengerozi si zosangalatsa, koma ziyerekezeni ndi oposa theka aja. Mu 2022 kafukufuku wa AMBITION, wa ku Botswana, Malawi, South Africa, Uganda ndi Zimbabwe, anasonyeza kuti diripi imodzi yokha yamphamvu ya amphotericin wokutidwa m'timafuta, yotsatana ndi mapiritsi awiri aja kwa masiku 14, imagwira ntchito mofanana ndi mlungu wathunthu wa diripi ndipo siiwononga impso ndi magazi kwambiri. Bungwe la WHO linaika njirayi patsogolo chaka chomwecho. Kuyambira pamenepo palibenso amene anganene kuti sakudziwa chochita.

Otsutsa sanasowe, ndipo woyamba anali bambo wa tayi amene anati tisazungulire, olakwa ndi odwala eni ake, amene amamwa mankhwala akamva bwino n'kusiya. Pali choonadi m'menemo. Wochira nthenda imeneyi amayenera kumwa fluconazole tsiku ndi tsiku kwa chaka kapena kuposerapo, ndipo kumwa modumphadumpha ndiko kupalira kumene udzu wolimba uja umakonda: mankhwala okwanira kufooketsa ofatsa, osakwanira kugwira olimba. Koma bamboyo sanafunse chifukwa chake munthu amadumpha. Wa ku George amene wauzidwa pawindo kuti mankhwala atha, akagule kufamasi, amayamba wawerengera ndalama ya minibasi, ya malasha ndi ya kapamela ka ufa wa madzulo, ndipo yotsalayo ndi imene imagula mapiritsi, atatu kapena anayi. Kumudzudzula kuti samaliza mankhwala amene sanapatsidwe n'chimodzimodzi kudzudzula mlendo kuti sanamalize nsima imene sinaphikidwe. Ndipo odwala a mu lipoti la 2001 aja, ambiri anafa m'milungu yoyambirira, asanapeze n'komwe mpata wodumpha.

Wachiwiri analoza mwini kantemba, amene amagulitsa makapisozi limodzilimodzi pakati pa machesi ndi maswiti, nati mutsekereni ameneyu mlandu uthe. Uyu sindingamuikire kumbuyo kwambiri. Kuyabwa kulikonse si Candida, ndipo kapisozi womezedwa mongoganizira amakapalira munda wa Candida amene amakhala mwamtendere m'matumbo ndi pakhungu la aliyense. Kumene njira iyi imathera tikukuona kale mwa msuweni wawo Candida auris, amene anadziwika koyamba ku Japan mu 2009 ndipo tsopano wakhazikika m'zipatala za ku South Africa, makamaka ku Gauteng. Ambiri a mtundu wake fluconazole sawamva n'komwe, ndipo mwa ena chifukwa chake ndi Y132F yemwe uja. Mu October 2022 WHO inamuika pamndandanda wa mafangasi oopsa kwambiri pamodzi ndi Cryptococcus. Bungwe la boma loyang'anira mankhwala la ZAMRA lili ndi mphamvu ya lamulo yoletsa malonda otere ndipo liigwiritse ntchito. Koma mwini kantemba atapatsidwa mpata anafunsa funso limodzi: "Amfumu, ine fakitale ndilibe. Katunduyu amafika bwanji kwa ine?" Anthu anakumbukira kuti mu May 2025 kazembe wa America mu Lusaka analengeza kuti dziko lake lidula madola 50 miliyoni a thandizo la mankhwala pachaka chifukwa mankhwala operekedwa mwaulere ankapezeka akugulitsidwa m'mafamasi. Maso anabwereranso pa mpando uja.

Wachitatu anali wophunzira, ndipo mawu ake ndi amene ali olemera kuposa onse. Anati mlanduwu wakulitsidwa: kusintha kwa chilembo chimodzi mwa Cryptococcus sikupezeka kawirikawiri, ndipo ambiri amene amafa safa chifukwa Yisiti wasiya kumva mankhwala, koma chifukwa afika mochedwa, madzi achuluka m'mutu n'kupanikiza ubongo, ndipo abale akana kuti adokotala achotse madzi a pamsana poopa kuti jakisoni ameneyo ndi wakupha. Zonsezi n'zoona, ndipo mantha a jakisoni wa pamsana atenga anthu ambiri amene akanakhala ndi moyo, pakuti kuchotsa madziwo ndiko kumatsitsa kupanikizako; anthu amaona womwalira atabayidwa n'kuiwala kuti anabwera naye atakomoka kale. Koma taonani kumene mfundo ya wophunzirayu ikupita. Ngati kukhwima kwa Yisiti si kumene kukupha ambiri, ndiye kuti Yisiti akucheperachepera mlandu, ndipo wathu ukukula. Kuchedwa nako kuli ndi mankhwala ake odziwika. Kafukufuku wa REMSTART, amene anachitika m'makiliniki a mu Lusaka ndi Dar es Salaam ndipo anatuluka mu 2015, anayeza magazi a anthu a chitetezo chofooka (CD4 yotsika) kuti aone ngati Cryptococcus wayamba kuyenda mutu usanayambe kupweteka, napereka mankhwala msanga kwa opezeka naye, ndi kuwayendera kunyumba milungu yoyamba ya ma ARV. Imfa zinatsika ndi 28 pa 100. Kachipangizo koyezera kameneka, kotchedwa CrAg, n'kofanana ndi koyezera malungo ndipo yankho limatuluka m'mphindi khumi. Pamenepo, Yisiti akadali wochepa ndipo asanakwere kumutu, a Fluconazole ali ndi ntchito yeniyeni imene amaitha.

A Fluconazole apa anayamba kulira, nati bwalo lawayalutsa, zaka zonsezi agwira ntchito usana ndi usiku popanda wowathokoza. Mfumu inawatonthoza kuti palibe amene akuwachotsa ntchito. Pa Candida wa pakhosi ndi iwo, pa kutchinga nthenda isanakwere kumutu ndi iwo, pa miyezi yonse yolondera wochira ndi iwonso, ndipo n'chifukwa chomwecho sitiyenera kuwawononga. Mankhwala a mafangasi ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi a mabakiteriya, popeza selo ya Yisiti imafanana ndi yathu ndipo chomupha iye nthawi zambiri chimatipwetekanso ife. Gulu latsopano lotchedwa echinocandin, limene limathandiza pa Candida, pa Cryptococcus siligwira. Amene ali ndi khasu limodzi salimira pamwala.

Dzuwa litapendeka mfumu inapita kuseri ndi nduna zake, ndipo pobwera nduna yaikulu inapereka chigamulo. Pa mlandu wa kukhwima, Yisiti alibe mlandu, pakuti bwalo silinapeze sing'anga, mphini kapena cholinga, koma dzanja lophonya pokopera. Komabe popeza ndi wakupha, aliyense womupeza m'mutu mwa munthu amugwire ndi anthu atatu. A Fluconazole dandaulo lawo lakanidwa, ndipo aletsedwa kupita okha kukalimbana ndi nthenda imene yafika kale kumutu, pokhapokha ngati kabati ilibedi wina, ndipo zikatero wosunga kabatiyo adzafotokoze pabwalo. Mwini kantemba alipe nkhuku ndipo abwerere ku machesi ndi maswiti. Bambo wa tayi alipe nkhuku ziwiri. Mbuzi yaikulu yagwera mpando wopanda munthu, wa amene amalembetsa, kugula, kusunga ndi kutumiza mankhwala, kuti flucytosine, amphotericin wa diripi imodzi ndi tizipangizo ta CrAg tipezeke ku Kanyama, ku Chawama ndi ku Matero monga momwe timapezekera m'malipoti. Mthenga amene anatumidwa ndi kalata ya chisamani anabwerako madzulo, nanena kuti amuuza kuti bwana ali kumsonkhano, abwerenso Lolemba.

Anthu asanabalalike nduna inawonjeza mawu amodzi, ndipo ndiwabwereza kwa inu owerenga. Ngati muli ndi HIV, kapena munasiya ma ARV kwa nthawi ndipo mukufuna kuyambiranso, pemphani kuti akuyezeni CD4, ndipo ikakhala yotsika pemphani CrAg. Mutu ukapweteka masiku angapo osamva panado, khosi n'kuuma, maso n'kumaopa kuwala kapena munthu n'kuyamba kusokonezeka, musapite kukantemba. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo adokotala akapempha kuchotsa madzi a pamsana, aloleni.